Makina Atatu a Achemwali

2 Febuluwale

Wokondedwa Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi kakhanda kanu. Ife kuno tilipo, kungoti bondo langa layamba kundiyankha ndikaponda makina tsiku lonse. Ana kusukulu akupita, nsapato zokha ndi zomwe zatopa.

Usadabwe kuti ndabwerera ku makalata. Foni ndaitsekera m'chitini cha mabatani. Chikwezereni msonkho wa mayunitsi, ukangoti "muli bwanji" ndalama yatha, "ndili bwino" wake ukamvera kumaloto. Adalaivala a basi ya Lachinayi avomera kumatitengera makalata, ine ndizingowasokerera malaya akang'ambika.

Ntchito nayo yasintha nkhope. Ulusi wakwera, zipi yakwera, nsalu ndiye usanene. Anthu asiya kusoketsa zatsopano. Amabwera ndi thalauza la bambo kuti ndilibweze likhale la mwana, kapena kolala yakutha kuti ndiitembenuze. Ndasanduka dokotala wa zovala zodwala, koma sindidandaula, bola makina akulira.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Lolemba kunabwera anthu awiri a kuntchito kwanu, a ofesi ya misonkho, malaya oyera mbee, pepala m'manja. Akuti ine ndinalembetsa bizinesi mwezi wa Novembala, ndipo ndili ndi makina osokera atatu ndi antchito awiri. Ndinaseka mpaka mapini anagwa pakamwa. Ndinawauza kuti, "Suzumirani pansi pa tebulo, mwina antchitowo abisala kumeneko." Iwo sanaseke. Msonkho umene andilembera ukufanana ndi lendi ya kachipinda kano ya miyezi isanu ndi itatu. Akuti ndikapanda kupereka pofika kumapeto kwa Epulo adzanyamula katundu wa bizinesi.

Katundu wake uti, Mzime? Iwe ukudziwa kuti muno muli makina amodzi, omwe aja amayi anandisiyira, omwe anakulipirira sukulu mpaka unayamba kuvala taye. Akachoka amenewa ndiye kuti moto wazima m'nyumba mwanga.

Ndinapita ku ofesi yawo ya kuno. Mtsikana wa pawindo anati fomu yeniyeniyo ili ku likulu kwanuko, iye amangoona za pakompyuta. Ndiye ndinati, ndikuliranji pamene mwana wa amayi amakhala momwemo? Undifufuzire amene anandilembetsa. Ndikufuna dzina basi, zinazo ndidzathana nazo ndekha.

Ndine mlongo wako,
Telala wa makina atatu


9 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndamva zonse. Ife tili bwino. Mwana wayamba kukwawa, ndipo alamu anu akupereka moni.

Nkhani yanuyi yandikhudza kwambiri. Koma Achemwali, musaganize kuti ine ndine munthu kuno. Ndine kalaliki wa kontirakiti, desiki yanga ili kuseri kwa chitseko, aliyense akamalowa chimandimenya phewa. Mafomu ali m'chipinda cha pansi, m'makatoni ofika kudenga, ndipo kiyi amasunga ndi abwana. Kupeza pepala limodzi mmenemo si ntchito ya tsiku limodzi. Ndiyesetsa, koma musayembekezere msanga.

Msonkhowu ukutiluma tonse. Anthu amaganiza kuti ife timadya nawo, chonsecho malipiro anga amadulidwa ndisanawaone n'komwe. Shuga tikugula wa m'timapepala. Masiku ano ndikamakwera minibasi ndimavula baji ya kuntchito n'kuiika m'sokosi. Sabata yatha mayi wina anaiona, n'kuyamba kundiwerengera mitengo ya sopo, mafuta ndi magetsi kuchokera pasiteji, basi yonse ikuvomereza ngati kwaya. Kondakitala naye anati ndilipire kawiri, popeza ndalama zake zonse ndimasunga ndine. Ndinatsikira panjira.

Ndaika kandalama m'kati mwa kalatayi. Musafunse zambiri, ingoyambani kusunga. Mwezi wamawa ndidzawonjezera.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musaloze munthu chala. Mwina kunangochitika kulakwitsa. Mwina amene analembayo sanaganize kuti zifika pamenepa.

Ndine mlongo wanu,
Mzime


23 Febuluwale

Mzime mwana wa amayi,

Moni kwa nonse. Ndalama ndaiona, ndipo ndinagwetsa misozi. Iwe wodya shuga wa m'timapepala n'kumatumiza zochuluka chonchi? Amayi akanakhalapo akanati sanabereke pachabe.

Koma za "sanaganize" zakozo sunga. Munthu wakhala pansi, watenga cholembera, wabereka makina awiri ndi antchito awiri, ndiye uziti sanaganize? Iwe mtima wako ndi wofewa kuyambira kale, ngakhale nkhuku unkaipepesa usanaiphe.

Kuno kwatentha. Mzere wathu wonse wa mashopu ukuwira. Akalipentala akuti misomali aikhomera msonkho, matabwa awakhomera msonkho, watsala utuchi. Owotcherera zitsulo a pakona atseka, abwerera kwa makolo awo ndi ana asanu. Agolosale ayamba kugulitsa mafuta ophikira ndi supuni. Aliyense akufunsa funso limodzi: ndalama zonsezi zikupita kuti, pamene msewu wathu ndi maenje okhaokha ndipo kuchipatala amangotilembera mankhwala kuti tikagule tokha? Tagwirizana kuti mwezi wamawa tidzakumane tonse, tilembe dandaulo. Komanso kukumveka kuti ofesi yanu imapatsa kangachepe aliyense wokaneneza mnzake amene sanalembetse. Ndi zoona zimenezi?

Ngati zili zoona, ine munthu ndamudziwa. Ukuwakumbukira Amake Mapasa a saluni, amene timagawana khoma ndi mita ya magetsi? Zaka khumi ndi zisanu takhala ngati pachibale, mapasa awo ndawasokera mayunifolomu ulere kuyambira ali tiana. Koma mu Okutobala tinakangana. Iwo ankati simbi yanga ikudya magetsi, ine ndinkati ndi chowumitsira tsitsi chawo. Anandiuza kuti, "Inu muli ndi makasitomala ngati a anthu atatu, muzilipira ngati anthu atatu." Wamva? Atatu! Mwezi wotsatira fomu n'kulembedwa. Ndiponso mtsikana wa pawindo uja amalukitsa tsitsi kwa iwo omwewo. Paja khoswe wa padenga adaulula wa padzala.

Sindinawafunse kanthu. M'mawa akandipatsa moni ndimayankha ndi mphuno. Dzana anandibweretsera tiyi monga mwa masiku onse, ndinati m'mimba simuli bwino. Ndikudikira iwe unditsimikizire.

Mlongo wako


9 Malichi

Okondedwa Alamu,

Ndine mkazi wa mlongo wanu. Pepani kuti ndalemba mwamseri, bambo a mwana sakudziwa. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana.

Ine ndimakulemekezani ngati apongozi, chifukwa ndikudziwa kuti munthuyu munamulera ndinu. Koma ndikapanda kunena ndidwala nazo. Chiyambireni makalata anu, m'nyumba muno mulibe mtendere. Wailesi anagulitsa. Nsapato zawo za ukwati anagulitsa. Kuntchito akupita wapansi, ulendo wa maola awiri, ndipo akabwera amangoyang'ana mbale n'kuikankha. Kalata yanu ikafika amakaiwerengera kubafa, n'kutuluka maso ali psuu. Ndikafunsa amati ndi sopo. Dzulo anandifunsa ngati mwana angasiye mkaka wa m'chitini, chonsecho akudziwa kuti wanga suchuluka.

Alamu, msonkho sunagwere inu nokha. Kuno lendi yakwera kawiri chifukwa eni nyumba akuti nawonso akuwadula. Sopo ndimadula pakati, theka n'kubisa. Magetsi timayatsa chipinda chimodzi. Sindikuti asakuthandizeni ayi, chibale ndi fupa. Ndikungopempha kuti muwasiyireko mpata wopuma, chifukwa mmene akuonderamu akagwa tigwa tonse.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine.

Ndine mlamu wanu


16 Malichi

Achemwali,

Moni ndikupatsani, ngakhale sindikudziwa ngati mudzaufunabe mukamaliza kuwerenga. Kalatayi ndailemba kanayi.

Amake Mapasa alibe mlandu. Fomu ija ndinalemba ndine.

Mu Novembala abwana anatiuza ife a kontirakiti kuti aliyense abweretse mabizinesi atsopano makumi anayi pamwezi, wolephera asabwerenso. Ndinayenda m'misika mpaka mapazi anatupa. Anthu akationa ankatseka zitseko, mayi wina anandithira madzi otsukira mbale. Tsiku lomaliza, nthawi yoweruka itakwana, ndinali nditaperewera dzina limodzi. Limodzi lokha, Achemwali. Mwana anali ndi miyezi inayi. Ndinayang'ana fomu yopanda kanthu ija, ndipo munthu yekha amene ndinkadziwa zonse zake munali inu, popeza fotokope ya chiphaso chanu inatsalira m'chikwama changa nthawi imene tinkayendera mapepala a amayi.

Za makina atatu zinabwera chonchi. Bizinesi ya makina amodzi sankaiwerengera, ankati ndi yaing'ono. Ndiye ndinawonjezera awiri, ndi antchito omwe. Ndinadziuza kuti kwathuko ndi kutali, palibe amene adzafike, fomu idzagona m'katoni ngati zinzake. Ndinasaina dzina lanu ndi dzanja lamanzere. Popita kunyumba ndinagula nyama, tinadya, ndipo ndinagona tulo tabwino. Chimenechi ndicho chikundipweteka koposa, kuti ndinagona tulo.

Kiyi ya chipinda cha mafomu sasunga abwana. Imapachikidwa pa msomali, pamwamba pa desiki yanga.

Mutandilembera kuti munagwetsa misozi chifukwa cha ndalama ija, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Sinali mphatso. Ndinkayesa kugula tulo.

Ndafunsa mwanzeru mmene fomu yolakwika imakonzedwera. Njira ndi imodzi: kalaliki amene anaibweretsa alembe kuti ananama. Akatero ntchito yatha, mwinanso apolisi. Ndalama yoti ndimalize msonkho wonsewo pofika Epulo sindingaipeze, ngakhale nditagulitsa zitseko za nyumba ya eni ake ino.

Ndiye nenani ndinu, Achemwali. Mukati pita, ndipita kwa abwana. Koma chonde, asiyeni Amake Mapasa.

Ndine wolakwa,
Mzime


30 Malichi

Mzime,

Moni kwa iwe ndi banja. Mwezi watha, wina wayamba kutha, kalata yako palibe. Basi ya Lachinayi akuti inafera panjira sabata ziwiri zapitazo, ili kugalaja, adalaivala akudikira chitsulo chimene chakanirira pachipata cha m'malire chifukwa cha msonkho. Ngati unalemba, kalata yako ikugona m'basimo. Ino ndapatsira a lole ya simenti.

Mlamu wanga anandilembera, ndipo usamukalipire. Ananena zoona. Ndinachita manyazi, ine mayi wamkulu kumadya mkaka wa khanda! Ndalama yako yonse ndabweza, ili m'kati umu. Ukagule mkaka ndi nsapato. Za fomu usavutikenso nazo, usaike ntchito yako pamoto chifukwa cha ine. Ndathana nazo ndekha.

Msonkhano uja unachitika Loweruka kuseri kwa mashopu. Anthu analankhula, Mzime, mpaka akalipentala, bambo wa ndevu zake, analira pagulu. Dandaulo tinalemba, tonse tinasaina. Kenako wina anafunsa kuti, "Kodi a ofesiwa maina athu akuwadziwa bwanji?" Amake Mapasa anali atakhala kutsogolo, akupukusa mutu ngati achisoni. Ndinapsa mtima. Ndinaimirira n'kunena zonse: za mita, za "atatu", za mtsikana wa pawindo. Ndinawaloza chala pamaso pa mzere wonse. Iwo anangoti, "Ine, anzanga? Ine?" Mapasa awo anachita kuwatulutsa, anthu akukuwiza.

Kuyambira tsiku limenelo saluni ili zii. Azimayi akukalukitsa kutsidya kwa msewu, ndipo pachitseko pawo wina walemba ndi makala kuti "kazitape". Ndikuuze zoona, tsiku loyamba ndinamva kukoma. Tsopano ndikamamva kuseri kwa khoma kuli chete, osamveka wailesi yawo kapena kuseka kuja, china chake chimandikanda mumtima. Koma choipa chitsata mwini, si choncho?

Makina ndikupondabe. Ndalandira ntchito ya mayunifolomu a kwaya, ndikusoka osadzuka pampando. Mwina ndikapereka theka a ofesi adzandimvera chisoni.

Undiyankhe, ndidziwe kuti uli moyo.

Mlongo wako


6 Epulo

Achemwali,

Ndalandira kalata yanu. Ino ndapatsiranso a lole omwewo.

Si Amake Mapasa. Chonde pitani kugalaja lero lomwe, mukapemphe adalaivala akupatseni kalata yanga ya pa 16 Malichi. Muiwerenge musanalankhulenso ndi munthu aliyense. Zimene zili mmenemo sindingathe kuzilembanso kachiwiri.

Lolemba ndinafika pakhomo pa abwana kuti ndikaulule. Ndinagogoda. Atati lowa, ndinalowa, ndinaima, n'kupempha inki ya chidindo. Lachiwiri ndinapitanso, ndinapempha mapini. Anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndikudikira mawu anu.

Mzime


4 Meyi

Mzime,

Moni ndakupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Makalata ako awiri ndinawawerenga tsiku limodzi, pa 10 Epulo, nditaima pagalaja pakati pa matayala akutha. Ya pa 16 Malichi inali ndi mafuta a injini pakona. Adalaivala atandiyang'ana anafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati sindikudziwa.

Unati ndinene ndine. Wandinamizira makina, kenako n'kundisenzetsanso chiweruzo. Ndinakhala chete dala sabata zitatu, kuti ndione ngati ungalowe wekha kwa abwana ako osatumidwa. Tsiku lililonse ndinkati lero ubwera uthenga woti fomu yafafanizidwa. Ndipo tsiku lililonse lomwelo ndinkapemphera kuti usalowe, chifukwa khanda lija linkandiimira m'maso. Mpaka lero sindikudziwa kuti pa awiriwa mtima wanga weniweni unali uti.

A misonkho anabwera Lachiwiri m'mawa ndi galimoto. Theka limene ndinapeza pa mayunifolomu a kwaya anatenga, n'kunena kuti silikwana. Anafunsa za makina ena awiri, ndinati ali kwa amene anawalemba. Anamasula lamba wa makina, n'kunyamula mutu wake ndi tebulo lomwe, diresi ya mwini wake ili pansi pa singano, mwakuti ndinachita kudula ulusi ndi mano kuti ndiipulumutse. Pansi patsala timaenje tinayi pamene miyendo inadya simenti zaka zonsezi. Mzere wonse unatuluka kudzakuwiza, ena anagenda galimoto, akalipentala anagona pamsewu mpaka anachita kuwakoka. Koma makina anapita.

Anthu atabalalika, amene analowa ndi Amake Mapasa. Lendi yawakanika, akusamuka mwezi uno. Anabwera ndi kapu ya madzi ndi tsache. Madzi anandipatsa, n'kusesa tinsalu ndi ulusi wonse pansi. Potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti, "Anzanga, ine ndikupita. Koma mlongo wanu amagwira ntchito komweko. Akadzapeza dzina lenileni mudzandiuzeko, kuti ana anga adziwe kuti mayi wawo si kazitape."

Mzime, kalata yako inali m'thumba la epuloni yanga, ndinkaimva pantchafu. Ndikanaitulutsa, pofika madzulo mzere wonse ukanadziwa, mawa lake mtsikana wa pawindo, mkuja abwana ako. Ndinayang'ana mayi amene anandigwira dzanja tsiku limene tinaika bambo a ana anga, n'kumuuza kuti, "Akufufuzabe."

Anati zikomo.

Kalata ija ndaiwotcha pambaula. Ntchito yako isunge, ulere mwana. Ndalama usatumize, ndidzabweza. Ine ndayamba kusoka pamanja, tidya zomwe zipezeke. Usandithokoze, ndipo usandipepesenso, chifukwa sindingakhale pampando woweruza. Iwe unali utapanikizika ndipo unkati sizidzadziwika. Ine ndinkadziwa zonse, mayiyo ali chiimire pakhomo panga. Abodza m'nyumba ya amayi tsopano tilipo awiri. Chaka chino usabwere kuno, sindinakonzeke kukuyang'ana, ndiponso sindikufuna kuti iwe undiyang'ane.

Amake Mapasa anyamuka Loweruka. Andipempha kuti ndikawathandize kumanga katundu, ndipo ndavomera.

Mlongo wako